Filimu ya theka la ola ku Mtendere m'chaka chosowa magetsi: lipoti la ntchito

Lipoti ili ndi la filimu yaifupi, ya pafupifupi theka la ola, yomwe tinajambula ku Mtendere mu Lusaka m'mwezi wa September 2024. Ine ndinali woyendetsa ntchito: kusunga ndalama, kupeza malo, kulemba ndandanda ya tsiku lililonse ndi kuonetsetsa kuti anthu adya. Poti gulu linali laling'ono, ndinkalandiranso boom, ndodo yaitali yonyamulira maikolofoni, wojambula mawu akatopa mikono. Ndalembera anzanga amene akuganiza zojambula m'komboni ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ndakhalitsa pa nkhani ya phokoso ndi magetsi chifukwa ziwirizi ndi zomwe zinkatiuza choti tijambule ola lililonse, kamera n'kumangotsatira.

Filimu yake ndi ndalama zake

Nkhani ndi ya mayi wachikulire wochokera ku Katete amene akukhala m'zipinda ziwiri za lendi ndi mdzukulu wake wamkazi. Anzake a pa chilimba anamusungitsa ndalama, ndalamazo zasowa, ndipo tsiku lopereka kwa mwini wake layandikira. Wolemba, amenenso anali dairekita, analemba akusisita m'thumba: anthu olankhula ochepa, zambiri m'bwalo limodzi, popanda galimoto, popanda mvula, za usiku pang'ono chabe. Powerengera utali tinatsata lamulo lakale lija lakuti tsamba limodzi la sikiripiti limabala pafupifupi mphindi imodzi ya filimu.

Anthu akamva kuti mafilimu a Rungano Nyoni, dairekita wobadwira ku Zambia, anaonetsedwa pa chikondwerero chachikulu cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2017 ndi mu 2024, amaganiza kuti njira yatseguka kwa aliyense amene ali ndi kamera. Amaiwala kuti kumbuyo kwa mafilimuwo kunali makampani ndi mabungwe a ku Ulaya oikamo ndalama. Zathu zinachokera ku maukwati ndi ma kitchen party omwe tinkajambula Loweruka, ku chilimba chathuchathu cha m'gululi, ndi kwa m'bale wina wokhala kunja amene ankatumiza pa foni. Kaloba tinaikana kuyambira pachiyambi, chifukwa filimu yaifupi sibweza ndalama kumapeto kwa mwezi pomwe mwini kaloba amagogoda. Kamera ndi malenzi tinabwereka, zina polipira, zina posinthana ndi ntchito. Ndalama zambiri zinathera pa nsima ya gulu, mabasi ndi kulipira anthu a pamalopo.

Anthu odziwa ntchito alipo tsopano mu Lusaka. Chiyambire 2015 pamene tchanelo ya Zambezi Magic inayamba pa DStv, masewero a pa TV akhala akulemba anthu ntchito, ndipo mu 2018 MultiChoice Talent Factory inatsegula sukulu yake yophunzitsa za mafilimu ya mayiko a kum'mwera kwa Africa ku ZAMCOM, sukulu ya utolankhani ya mu Lusaka. Kwa ife opanda ndalama, izi zikutanthauza kuti waluso umamupeza pokhapokha ali pa mpata pakati pa ntchito zolipira. Ndipo momwe ndikuonera ine, ofuna kugwira kamera ndi ambirimbiri, koma wofuna kuvala mahedifoni tsiku lonse n'kumauza dairekita kuti abwereze ndi wosowa. Wojambula mawu tinayamba kumupeza iyeyo, masiku ojambula n'kuwaika potsata mpata wake.

Kusankha bwalo

Pokaona malo, wojambula mawu ankafika n'kukhala pansi ndi rekoda, osalankhula, ife tikusilira makoma. Malo alionse tinkawabwerera m'mawa, masana ndi madzulo. Nyumba ina ya ku Kalingalinga inali yokongola ndithu, khonde lake lolandira dzuwa bwino, koma aliyense amene wadutsa msewu wa Alick Nkhata akudziwa kuti chigawocho ndi cha owotcherera mageti ndi akalipentala. Grinder imodzi imapha mawu a munthu pa mtunda wa nyumba zingapo. Ina inali pafupi ndi chigayo. Ina tinaikonda tonse mpaka tinamva kuti tchalitchi cha kuseri kwake chimachezera mapemphero Lachisanu ndipo kwaya imaphunzira nyimbo masana ambiri.

Bwalo lomwe tinasankha ku Mtendere linali ndi mpanda wa mabuloko, mtengo wa mango pakati, ndi mabanja angapo a lendi. Kalata tinalembera khansala wa deralo ndi a polisi apafupi, kuti anthu akaona gulu ndi zitsulo asayese kuti ndi zachilendo. Chithunzi cha m'mwamba chomwe dairekita ankachifuna tinachichotsa, poti kuulutsa drone kumafuna chilolezo cha Zambia Civil Aviation Authority ndipo nthawi yolondola mapepala tinalibe. Koma chilolezo chomwe chinagwira ntchito tsiku ndi tsiku chinali cha eni bwalo, mayi wamasiye wachikulire amene tonse tinkawatchula kuti ambuya. Anamvetsera zonse, kenako anati: "Mwana wanga, bwaloli ndakupatsani, koma pakamwa pa anthu si panga. Mukawapemphe nokha, khomo ndi khomo."

Tinatero. Kwa eni kulibe mkuwe, ndipo munthu amene wabwera kudzapempha anthu kuti akhale chete pakhomo pawo sangayambe ndi kukalipa. Ophika tinalemba amayi a m'bwalomo, madzi tinkagula kwa iwo, ndipo mnyamata wina wodziwika m'njiramo tinamulemba ntchito imodzi yokha, yoima pa geti n'kumapempha odutsa kuti adikire pang'ono. Mlendo akanena zimenezo amayankhidwa mwano, koma mwana wa pomwepo amamveredwa. Aliyense woonekera pa kamera anasaina pepala lovomereza, ndipo pepalalo tinkaliwerenga mokweza m'Chinyanja asanasaine. La mwana amene anasewera mdzukulu anasaina ndi mayi ake, ndipo zigawo zake tinkajambula ataweruka kusukulu kapena kumapeto kwa sabata.

Magetsi

Chaka chimenecho n'chosaiwalika. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali ngozi yogwera dziko lonse. Magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, ndiye madzi atatsika magetsi anatsika nawo. Pofika September madera ambiri a Lusaka ankakhala opanda magetsi maola 20 kapena kupitirira pa tsiku.

Aliyense ankatimvera chisoni kuti tijambula bwanji. Chimene sanadziwe n'chakuti komboni yopanda magetsi ndi yabata kuposa komboni ya magetsi. Masipika a m'mabala ali zii, grinder ili gone, ma TV ndi mafiriji azima. Wojambula mawu anati sanamvepo Mtendere wotere. Chomwe chinatsala ndi majenereta, ndipo wapafupi nafe anali wa ometa tsitsi kuseri kwa mpanda. Ndinapita ndekha. "Aneba, sitikufuna kukupherani bizinesi. Tiuzeni mumameta mitu ingati pa ola, tilipira mitu imene simumeta." Tinapangana kuti tikamupeja pa foni kamodzi azimitse, tikamupeja kawiri ayatse, ndipo madzulo tinkawerengerana mphindi. Ndalama imeneyo ndi imodzi mwa zomwe ndikuziona kuti zinagwira ntchito kwambiri m'bajeti yonse.

Vuto linkabwera magetsi akabwera masana mosayembekezeka. Umayamba kumva ana akukuwa kuti "Malaiti! Malaiti yabwera!", ndipo mphindi isanathe zonse zadzuka pamodzi: wailesi, pampu ya madzi, wowotcherera amene wakhala akudikira kuyambira dzulo. Munthu ameneyo sungamuuze kuti azimitse. Wadikira tsiku lathunthu, ana ake adya kuchokera pa maola awiri amenewo, ndipo ndalama yomugulira nthawiyo tinalibe. Choncho call sheet iliyonse, pepala la ndandanda ya tsikulo, ndinkailemba mbali ziwiri. Mbali ina inali ya zigawo zolankhula, zojambula magetsi kulibe. Inayo inali ya zithunzi zosafuna mawu: manja akutsuka mbale, mayi akuyenda m'kanjira, mdzukulu akusuzumira pa windo. Malaiti akabwera tinkatembenuza pepala, wina n'kuthamanga kukabaya mabatire onse pa khoma.

Jenereta yaing'ono tinali nayo, koma tinkaigwiritsa ntchito potchaja basi, pa nthawi ya chakudya. Zifukwa zake ndi ziwiri. Panja poyera, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi ma decibel (muyezo wa kukwera kwa phokoso) pafupifupi 6 okha, ndiye kuti jenereta isamveke pamafunika chingwe chachitali kuposa bwalo lomwe tinali nalo. Chachiwiri, magetsi a kuno ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, n'chifukwa chake timajambula mafelemu 25 pa sekondi ndi shutter (nthawi yomwe kamera imalandira kuwala) ya 1/50 ya sekondi kuti nyale zisaphethire pa chithunzi. Jenereta yotchipa liwiro lake limakwera ndi kutsika, ndipo mababu wamba oyatsidwa nayo amatulutsa mizere yoyenda pa chithunzi. Tinadalira dzuwa, nyale ziwiri za LED za batire, ndi nsalu yoyera yobwezera kuwala pankhope. Zigawo za usiku tinajambula ndi kandulo ndi kanyale ka sola, kuonjezerako LED yobisika pakona. Chaka chimenecho nyumba iliyonse inkaoneka choncho, ndiye sipanali chonamiza.

Dzuwa la Lusaka mu September limatuluka cha m'ma 6 n'kulowa cha m'ma 18, ndipo likalowa mdima suchedwa. Maola abwino kwambiri a zigawo zolankhula panja anali a m'mawa, ana atapita kusukulu, mphepo ya nyengoyi isanayambe kukokolola fumbi ndi mapepala. Masana dzuwa lili paliwombo limaika mithunzi m'maso mwa munthu, ndiye tinkalowa m'nyumba, komwe kunali mavuto akeake.

M'chipinda

Chigawo chachikulu cha filimuyi ndi pomwe mayi uja akhala pa mphasa, amasula mfundo ya chitenje, awerenga ndalama n'kupeza kuti zaperewera. Chipindacho chinali cha simenti pansi, makoma osapaka, denga la malata lopanda silingi. Mawu ankagunda khoma n'kubwerera. Tinabwereka mabulangete kwa anthu a m'bwalomo, ena tinapachika pa mitanda ya denga, ena pa khoma la kumbuyo kwa kamera, limodzi tinayala pansi pomwe kamera siona. Kutentha kunawirikiza, koma mawu anauma bwino. Malata nawo ali ndi khalidwe lawo: kamtambo kakaphimba dzuwa n'kuchoka, amalira kuti tha! tha!, ndipo palibe chochita koma kudikira.

Mayiyu amalankhula motsitsa m'chigawochi, mwina monong'ona. Maikolofoni yaing'ono yobisa pachifuwa inkatola kukhwekhwereza kwa chitenje nthawi iliyonse akawerama. Wojambula mawu anaichotsa n'kuibisa m'mphepete mwa duku, pamwamba pa chipumi, chingwe n'kudutsa kuseri kwa khosi. Mutu ukatembenuka maikolofoni inkatembenuka nawo, ndipo chitenje sichinaikhudzenso. Boom tinaisiya pamwamba pang'ono kuti itole kulira kwa ndalama zachitsulo pa mphasa. Lamulo la mtunda lija limagwiranso ntchito apa: kusendeza maikolofoni pafupi ndi pakamwa kumakweza mawu a munthu pamwamba pa phokoso la kunja kuposa china chilichonse chomwe kompyuta ingadzachite pambuyo pake.

Tisanachoke m'chipinda chilichonse tinkajambula room tone, mphindi imodzi aliyense ali duu. Apa panali chinthu chomwe sindinachionepo kwina: chipinda chimodzi chinali ndi bata la mitundu iwiri, la magetsi kulibe ndi la magetsi alipo. Lachiwirili lili ndi kung'ung'udza kwa mafiriji ndi nyimbo zakutali. Ukalumikiza chithunzi cha bata ili ndi cha bata linalo, khutu limamva msoko ngakhale diso lisauone. Tinkajambula onse awiri n'kulemba pa pepala kuti take iliyonse (ulendo umodzi wojambula chigawo) inali ya bata liti.

Maliro

Tili pakati pa ntchito, kunachitika maliro nyumba yachitatu kuchokera pa geti. Tinamva kulira m'bandakucha tikutsitsa katundu. Ambuya sanachite kutiuza. Tinalongedza, ndipo onse a m'gulu tinapita kukakhala pa maliro, amuna panja pa tenti, akazi m'nyumba. Tinasonkha chipepeso, ndipo jenereta ija tinaibwereketsa kwa anamfedwa kuti iziunikira usiku. Wina m'gulu ananena motsitsa kuti khamu la anthu ndi nyimbo zija zikanakometsa filimu tikanajambula chapatali. Dairekita anakana, ndipo ine ndinagwirizana naye. Anthu aja anativomera kujambula sewero, sanativomere kujambula chisoni chawo, ndipo tikanatero geti lija silikanatsegukanso.

Mtengo wake unali wolemera. Malenzi obwereka anafunika kubwezedwa pa tsiku lomwe tinapangana, ndipo mmodzi mwa osewera, amene anali atapempha tchuthi kuntchito, nthawi yake inatha. Dairekita anakhala usiku ndi sikiripiti n'kuphatikiza zigawo ziwiri za munthuyo kukhala chimodzi, mawu ena n'kuwapatsa wosewera wina. Atayika maliro sitinayambe ndi chigawo cha mkangano, chomwe chili ndi kukalipirana pabwalo. Tinayamba ndi za m'nyumba, mkanganowo n'kuuika kumapeto, titakafunsa kaye kwa anamfedwa. Chifukwa cha mpata umenewu tsitsi la mdzukulu linali litalukidwa mwatsopano, ndipo chinatipulumutsa ndi zithunzi za pa foni zomwe wosunga zovala ankajambula tsiku lililonse. Analimasula n'kulilukanso monga linalili.

Chomwe ndinaona titabwerera n'chakuti mnyamata wa pa geti ntchito inamuchepera. Anthu ankangoona boom ili m'mwamba n'kutsitsa mawu okha.

Chilankhulo

Sikiripiti inayamba kulembedwa m'Chingerezi, monga ambiri amachitira kuno, koma pa kamera sipanalankhulidwe choncho. Poyeserera, osewera anaika mawu m'kamwa mwawo: mayi wachikulire amalankhula Chichewa cha ku Katete, mdzukulu amayankha m'Chinyanja cha m'tauni chosakaniza Chibemba ndi Chingerezi. Tinazisiya momwemo chifukwa ndi momwe nyumba zambiri za ku Mtendere zimamvekera, ndipo kusiyana kwa awiriwa kumamveka popanda kukufotokoza. Koma akagwirizana mawu, tinkawalemba pa pepala ndipo sasinthanso. Wosewera akamasintha mawu take iliyonse, wolumikiza zithunzi amasowa polumikizira.

Ntchito ya pa kompyuta

Tinajambula mu 1080p, yomwe imatchedwanso Full HD. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho tochuluka kanayi, chimadya malo ochuluka chimodzimodzi, ndipo laputopu ya edita sikanachinyamula. Fayilo ya kanema ya mtundu wa ProRes 422 pa 1080p ndi mafelemu 25 pa sekondi imadya pafupifupi 55 GB pa ola, ndiye tinadziwiratu kukula kwa ma hard drive ogula. Madzulo alionse zonse zinkakoperedwa pa ma drive awiri ogona nyumba zosiyana, ndipo khadi silinkafufutidwa mpaka wina atatsegula mafailo pa onse awiri n'kuwaona. Mawu anajambulidwa padera n'kulumikizidwa ndi chithunzi potsata kuomba kwa clapperboard, kathabwa koomba patsogolo pa kamera poyamba kujambula.

Edita anagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yolumikizira zithunzi ya DaVinci Resolve. Ankagona masana n'kusiya babu yoyatsa kuti magetsi akabwera pakati pa usiku imudzutse. Kulumikiza koyamba kunatalika kwambiri, ndipo chigawo cha pamsika chomwe tonse tinkachikonda chinachoka chifukwa nkhani inkayenda bwino popanda icho. Mizere ingapo ya zolankhula yomwe inaonongeka ndi kulira kwa tambala tinakaijambulanso m'chipinda chomwe chija, mabulangete omwe aja, chifukwa mawu a mu studio sakanafanana ndi anzawo.

Take ina yabwino kwambiri tinaitaya chifukwa kumbuyo kwake kunkamveka nyimbo yodziwika ya pa wailesi ya m'basi yodutsa. Nyimbo ili ndi eni ake, woipeka ndi mwini rekodi, ndipo kuno za ufulu wa oimba zimayang'aniridwa ndi bungwe la ZAMCOPS. A TV ndi a zikondwerero za mafilimu amafuna umboni wolembedwa wakuti nyimbo iliyonse m'filimu ndi yololedwa. Nyimbo za filimu yathu anapeka ndi woimba gitala wa kalindula, pa pangano lolembedwa lonena komwe tingazigwiritse ntchito.

Mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa chithunzi tinawasunga pa mizere iwiri, zilembo zosapitirira 42 pa mzere, kutanthauza kuti miyambi ya mayi uja inafupikitsidwa kwambiri. Tinakonza makope awiri: la TV, kukwera kwa mawu ake kutayezedwa pa -23 LUFS potsata muyezo wa ma TV wa EBU R128, ndi la m'nyumba zoonetsera mafilimu, lotchedwa DCP, lopangidwa ndi pulogalamu yaulere ya DCP-o-matic.

Pomwe zinthu zili

Filimu inatha. Zikondwerero zomwe tinaziika pa mndandanda ndi monga za ku Zanzibar, ku Durban ndi FESPACO ya ku Ouagadougou, yomwe imachitika kamodzi pa zaka ziwiri. Zambiri zimalandira mafilimu kudzera pa webusaiti ya FilmFreeway, ndipo zomwe zimalipiritsa zimafuna madola, ndiye timasankha mosamala. Zina sizilandira filimu yomwe yaikidwa kale poyera pa intaneti. Apa ndi pomwe tinasemphana ndi anthu a ku Mtendere, amene amandiimitsa m'njira kufunsa kuti ndiwatumizira liti pa WhatsApp. Sindingawatsutse, poti bata lomwe lili m'filimuyi ndi lawo. Tinagwirizana zoionetsa m'bwalo la ambuya pa nsalu yoyera ndi pulojekita, mafoni ali m'thumba, ndipo pa YouTube idzaikidwa zikondwerero zikatha.

Ngongole zomwe zatsala ndi za anthu a m'gulu. Ophika, mnyamata wa pa geti, ometa tsitsi ndi eni bwalo analipidwa zonse tisanachoke, chifukwa iwo sanalonjeze kudikira filimu ya wina. Osewera ndi amisiri analandira gawo, lotsalalo lili pa pepala losainirana lonena kuti ndalama iliyonse yomwe filimuyi idzabweretse iyambira kwa iwo isanafike kwa ife oiyambitsa. Woyamba pa mndandandawo ndi mayi amene anasewera agogo aja, wachiwiri ndi wojambula mawu.